Ndinasiya Ntchito Ndili Mkamwini

Inu owerenga, ine ntchito ndinaisiya ndekha, palibe amene anandichotsa. Ndayambira pamenepa chifukwa anthu akandiona lero ndikuthamangira mathiraki pa boda ya Mwanza amandimvera chisoni, amaganiza kuti mwina kampani inatseka kapena ndinanamiziridwa mlandu. Ayi ndithu. Ndinadzuka ndekha pampando, ndinayankhula mawu otumbwa, n'kutuluka madalaivala akundiombera m'manja. Kuomba m'manja kumeneko ndiko kunanditayitsa pakhomo. Dzina langa sinditchula, ngakhale ndikudziwa kuti ena a kuno andizindikira ndipo aseka. Asiyeni aseke, bola wina mwa inu amve.

Mayi anga anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ija akadali mtsikana. Anafikira m'mudzi wina pafupi ndi malire, ndipo kumeneko anakumana ndi bambo anga, a kuno ku Mwanza konkuno. Nkhondo itatha anthu ambiri anabwerera kwawo, koma mayi anatsalira chifukwa cha banja. Ine ndinakulira m'nyumba ya lendi pa boda, bambo akugwira ntchito ya ulonda, mayi akugulitsa zitumbuwa kwa madalaivala. Onse awiri anatisiya kale. Tsono mukudziwa mwambo wa kuno, mwana ndi wa kuchikazi. Munda, malo omangapo nyumba, malume okuyankhulira pa mlandu, zonsezi umazipeza kwa mayi ako. Kwa mayi anga ndi kutsidya, kumudzi umene sindinapondeko phazi, kumene ngakhale dzina langa salidziwa. Zimenezi ndinkazidziwa, koma sindinkaziganizira, chifukwa pakutha pa mwezi uliwonse ndinkalandira.

Nditamaliza sekondale ndinalembedwa ntchito pa kampani ina ya ma ejenti, aja othandiza eni katundu kuti mathiraki awo adutse pa boda. Dalaivala akafika amatipatsa mapepala a katundu, ife timawakonza, timawapititsa kwa a kasitomu, aja a msonkho, timathamanga uku ndi uku mpaka thiraki litaloledwa kupita. Ndi ntchito ya fumbi ndi yotukwanidwa ndi madalaivala otopa, koma ndinkaidziwa bwino ndipo inkandidyetsa. Mwini kampaniyo anali bambo wachikulire waulemu wake. Ankanditchula kuti achimwene, ndipo mwana akadwala ankangoti pitani, zotsalazo tiona.

Ndinakwatira mkazi wa kumbali ya Thambani. Popeza ndinalibe kwina komutengera, ndinalowa chikamwini, kukakhala kwawo kwa mkazi. Amalume ake anandilozera malo kumunsi kwa nyumba ya apongozi, ndipo pang'onopang'ono ndinamanga nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, pansi pa simenti, ndi khitchini yapadera nayonso ya malata. Pa chinkhoswe ndinalibe mbale wa kuchikazi woti andiimire, choncho anandiimira mkulu wina wa kumpingo amene anali neba wa mayi anga, nkhoswe yobwereka. Tinabereka ana awiri, Yankho ndi mlongo wake Dalitso. Mkati mwa sabata ndinkagona m'kachipinda ka lendi pa boda, Loweruka n'kukwera njinga yamoto ya hayala kupita kwa ana.

Inu owerenga, musanamizidwe, chikamwini chimakoma ukakhala pa ntchito. M'mudzi monse ndinkatchedwa a boda. Khasu sindinkaligwira, ndinkangotumiza ya aganyu ndi feteleza, munda wa mkazi wanga ndi wa apongozi womwe. Ndikafika Loweruka nkhuku inkafa. Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, ankandichingamira kumsewu kuti andilandire chikwama, kumachita kundifunsa maganizo ngakhale pa nkhani za maliro a kwawo. Ine ndinkayesa kuti amakonda ineyo. Mwina ankandikondadi, sindikudziwa, koma sindinawaonepo nthawi imeneyo ndili chimanjamanja.

Zinthu zinasintha mwini kampani uja atadwala n'kusiyira mwana wake bizinesi. Mnyamatayo anali wamng'ono kwa ine, wobwera kuchokera ku Blantyre ndi galimoto yonyezimira ndi kamwa lopanda chitseko. Kuyambira tsiku loyamba anayamba kundiitana kuti iwe. Ine bambo wa ana awiri, imvi zayamba kuoneka m'ndevu, kumangoti iwe bwera kuno, iwe wachedwa bwanji, pamaso pa madalaivala ndi atsikana ogulitsa nthochi. Malipiro ankabwera ndithu, sindinganame, koma ndinkapita kuntchito mtima uli phuluphulu, ndipo madzulo ndinkabwerera kuchipinda ndikudziyankhulira ndekha mayankho amene ndinalephera kumupatsa masana.

Pa ofesipo ndinali ndi mnzanga, ndingomutchula kuti Lameki. Tinkadyera mbale imodzi, tinkatukwanidwa limodzi. Lameki ankakonda kunena kuti munthu sayenera kufera pa ntchito ya munthu mnzake.

"Amwene, ine zikandikwana ndingopanga rizaini basi, ndizipita kumudzi," ankatero.

Ine ndinkavomera ndi mutu, n'kumati nanenso kumudzi ndili ndi nyumba yabwino, ndingavutike chiyani. Apa ndi pamene ndinalakwira, abale anga. Tonse tinkati kumudzi, koma mawu amodziwa sankatanthauza chinthu chimodzi. Kumudzi kwa Lameki kunali kwa mayi ake, kumene iye ndiye mwini mbumba, kumene kuli munda waukulu wa manachesi umene anasiya amalume ake. Mkazi wake anamutenga chitengwa, amakhala pa dothi la Lameki. Mlongo wake wa Lamekiyo ali ndi golosale pa Boma. Kumudzi kwanga kunali kwa mkazi wanga. Sindinakhale pansi ngakhale tsiku limodzi kusiyanitsa zimenezi.

Tsiku lake linafika manachesi atayamba kupsa. Netiweki inavuta kwa a kasitomu kuyambira m'mawa, mathiraki anaima mzere, madalaivala anadzaza ofesi yathu akulalata. Bwana wamng'ono uja anafika, osafunsa chimene chachitika, anatenga failo pa tebulo langa n'kuiponya pansi.

"Iwe, tola. Kodi Chizungu chimakuvuta eti? Kapena ukufuna ndikulembere m'Chipwitikizi cha kwanu?"

Woyamba kudzuka anali Lameki. Sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Anaika makiyi a kabati pa tebulo, n'kunena kuti, "Zikomo bwana, ine ndapuma kaye. Mupereke moni kwa madala." Anatenga jekete yake n'kutuluka ngati akupita kukagula chipisi.

Ine magazi anali atawira kale. Nditaona mnzanga watuluka ndinati nanga ine wotukwanidwa weniweni nditsalire chiyani. Koma sindinatuluke mwakachetechete ngati iye. Ndinamuuza mnyamatayo zonse zimene ndinasunga mumtima, kuti ndi mwana wopanda mwambo, kuti kampani ndinaimanga ndine iye akadali ndi mamina, kuti bambo ake anabereka chitsiru. Madalaivala anakuwa, ena kuimba likhweru, wina mpaka anandigulira fanta panja. Ndinayenda pamsewu wa boda tsiku limenelo phewa lili m'mwamba. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ine ndinasiya mlomo wonse pamenepo.

Ndinalongedza katundu m'kachipinda kaja n'kupita kumudzi mkati mwa sabata. Mkazi wanga ndinamupeza akuyanika ufa pamphasa. Anayang'ana matilesi amene ndinamanga kumbuyo kwa njinga yamoto, n'kundiyang'ana ine.

"Akuchotsani?"

"Ndasiya ndekha."

"Mwafunsa ndani?"

Ndinamufotokozera zonse, za failo, za Chipwitikizi, za Lameki, ndikuyembekezera kuti anyadira mwamuna wake. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, manja ali mu ufa.

"A Lameki asiya chifukwa ali ndi manachesi. Inu muli ndi chiyani, a bambo a Yankho?"

Ndinayankha kuti ndili ndi ulemu wanga. Iye anati chabwino, tiziphika umenewo, n'kupitiriza kuyanika ufa wake. Ndinakwiya kwambiri, ndinaona ngati ndakwatira mkazi wosamvetsa za ulemu wa mwamuna. Lero ndikaganiza ndimaona kuti pa anthu onse amene anayankhula nane chaka chimenecho, wanzeru anali iye yekha.

Masabata oyamba anakoma, sindibisa. Ndinkadzuka dzuwa litakwera, osamva hutala ya thiraki, osamva iwe. Ndinkadziuza kuti ma ejenti ndi ambiri pa boda, munthu wodziwa ntchito ngati ine andilimbirana. Nditapita kukafunsa ndinapeza kuti mlomo wanga unafika kale ofesi iliyonse. Eni makampani aja amapikisana masana koma madzulo amamwera pamodzi. Aliyense ankandilandira bwino, kuseka nane za tsiku lija, kunditcha ngwazi, koma za ntchito ankati tikuimbirani. Mmodzi yekha anandiuza zoona, kuti palibe bwana angalembe munthu amene anatukwana bwana mnzake pagulu, ngakhale bwanayo atakhala wolakwa chotani. Ndinayesa pa Boma, ndinayesa ku Blantyre mpaka ya thiransipoti inandithera.

Tsiku lina ndinapita kukamuona Lameki kwawo. Ndinamupeza atanenepa, atavala kabudula, akuyang'anira anthu othyola manachesi. Panja panali pikapu imene mlongo wake anamuthandiza kupeza, yoti azinyamulira zipatso kupita ku Blantyre. Anandilandira ndi manja awiri, anandidyetsa, n'kundiuza kuti kusiya ntchito ija ndi chinthu chanzeru kwambiri chimene anachitapo pamoyo wake.

"Ufulu ndi wokoma amwene. Inunso ingoyambani kabizinesi, musamadalire za mabwanazi."

Ndinamufunsa kuti kabizinesiko ndiyamba ndi chiyani. Anaseka, n'kunena kuti munthu wanzeru ngati ine sangasowe chochita. Pobwerera anandipatsa thumba la manachesi kuti ndikapatse ana. Ndinalinyamula pamutu mpaka kumsewu mtima ukuwawa, chifukwa apa ndi pamene ndinaona bwinobwino kuti mnzangayu sanasiye ntchito chifukwa cholimba mtima. Anasiya chifukwa ntchitoyo kwa iye inali yongoonjezera. N'chifukwa chake anatuluka mopanda phokoso, analibe chotaya. Ine amene ndinali ndi chotaya ndi amene ndinachita kukuwa.

Kumudzi zinthu sizinasinthe tsiku limodzi, zinkasintha pang'onopang'ono. Nkhuku inasiya kufa, zomwe sindinadandaule nazo. Alamu aja anasiya kundifunsa maganizo, kenako anayamba kundituma, akuti alamu popeza muli pompano takatithandizani kukonza khola. Dzina lija la a boda linatsala, koma linkatchulidwa ndi kakuseka kumapeto. Ndinagwira khasu kwa nthawi yoyamba chikwatirire, manja anatuluka matuza, mizere yanga inakhota mpaka ana a m'mudzi ankabwera kudzaonerera. Yankho tinamuchotsa pa sukulu yolipira imene ankaphunzira n'kumubweza ku ya m'mudzi, ndipo mwanayo analira osadya tsiku lonse.

Apongozi anga aakazi, monga mwa mwambo, sitinkayankhulana maso ndi maso. Kale ndinkauona ngati ulemu waukulu. Tsopano ndinazindikira kuti munthu amene sangakuyankhule mwachindunji amakuyankhula kudzera pa ziweto. M'mawa uliwonse ndikakhala pakhonde ankatuluka ndi madeya n'kuyamba kukalipira tambala wawo, akuti tambala iwe kudya kokha ndiye umatha, kulira mbandakucha unasiya kalekale, ukuyesa madeyawa amagwa kumwamba. Tambalayo ankangojompha madeya ake, ine n'kulowa m'nyumba. Ndinayamba kupita kumene amatcheza kachasu, chifukwa kumeneko kokha ndi kumene anthu ankafunabe kumva nkhani ya mmene ndinamuyankhira bwana.

Mvula itagwa feteleza panalibe. Chimanga chathu chinamera chachikasu, cha apongozi chimodzimodzi, ndipo aliyense m'mudzimo ankadziwa kuti chifukwa chake ndi ndani. Mkazi wanga anayamba kupita kukagwira ganyu m'minda ya anthu omwe kale ankagwira ganyu m'munda mwathu. Sankandinyoza, koma anasiya kundiuza zinthu. Akabwera ndi kaufa ankaphika, kundiikira, n'kukadyera kukhitchini ndi ana.

Njala itafika pachimake, mwezi wa Januwale, ndinaganiza zoyamba kuoloka malire kupita ku Zobwe, ku Mozambiki, kukapikula mafuta ophikira ndi zitenje kuti ndizigulitsa pa msika wa Thambani. Njira ndinkaidziwa, anthu a pa boda ndinkawadziwa, chosowa chinali mpamba. Ndinayang'ana pakhomo ponse ndipo maso anga anagwera pa malata a khitchini. Munthu wina anali atavomera kale kuwagula. Nditamuuza mkazi wanga anakana kwamtuwagalu, anati tifolera udzu bwanji pakati pa dzinja, ndipo anandichenjeza kuti ndisayerekeze kukwera pamenepo. Ine ndinati mumtima malata ndinagula ndine, ndipempha chilolezo kwa ndani.

Inu owerenga, ngati ndinu mkamwini, werengani bwino apa. Mkazi wanga atapita kuganyu ndinabwereka makwerero ndi hamala n'kukwera. Msomali wa malata ukamazulidwa umalira mudzi wonse n'kumva. Ndisanafike pakati alamu anga anali ataima pansi, kumbuyo kwawo kuli azimayi ndi ana.

"Tsikani alamu."

"Malatawa ndinagula ndine."

"Munagula ndinu, sitikukana. Koma munakhomera pa dothi la ndani?"

Ndikanatsika pamenepo mwina lero ndikanakhala ndili pakhomo panga. Koma ndinali nditalawako kachasu m'mawa umenewo, ndipo mkwiyo wa miyezi yonse ija, wa tambala, wa khola, wa kuseka, unatuluka nthawi imodzi. Ndili pamwamba pa denga ndinakuwa kuti mudzi wonsewu ndakhala ndikuudyetsa ndine, kuti popanda ine akanamafunda masaka, kuti ndi anthu osayamika ngati agalu. Apongozi anali ataima pakhomo pawo ndipo anamva liwu lililonse. Pamene mkazi wanga ankafika mvula inali itayamba, ikugwera m'khitchini yosasuka, pa nkhuni ndi pa kachimanga kochepa kamene anasunga mu dengu. Anangolowa n'kuyamba kutulutsa zinthu, Yankho akumuthandiza.

Nkhani inaitanidwa ya ankhoswe. Apa ndi pamene umphawi wanga weniweni unaonekera, osati wa m'thumba. Nkhoswe yanga yobwereka ija inali itamwalira zaka zapitazo, ndipo sindinavutikepo kupeza ina chifukwa banja linkayenda bwino. Ndinamuimbira Lameki kuti adzangokhala pambali panga, ndisaoneke ngati munthu wogwa kumwamba. Anati ali ku Blantyre ndi pikapu, komanso nkhani za m'banja n'zovuta kulowerera. Nditamukumbutsa kuti zonsezi zinayamba tsiku limene tinatuluka limodzi mu ofesi, anayankha mofatsa kuti, "Koma amwene, ine sindinakuuzeni kuti musiye." Ndipo ankanena zoona. Mpaka lero chimandiwawa n'chakuti ankanena zoona.

Ndinakhala ndekha mbali imodzi ya mphasa, mbali inayo kuli mbumba yonse. Amalume ake a mkazi wanga ndi munthu wofatsa, sanandikalipire, ndipo mwina zikanakhala bwino akanandikalipira.

"Akamwini, sitikukudandaulani chifukwa cha ntchito. Osagwira ntchito alipo ambiri m'mudzi muno, ena ndi adzukulu anga omwe, koma iwowo ali kwawo. Mwana wa pakhomo akazula malata timati wapenga, timamugwira. Mkamwini akazula malata timati watsanzika. Ndiye ife tamva kutsanzika kwanu. Pitani kaye kwanu mukapume. Mtima ukatsika, ankhoswe anu adzabwere tidzakambirane."

Anandiuzanso kuti nyumba ndi ya ana, malata amene ndinazula abwerere pamalo pake, ndipo ine nditenge zovala zanga. Ndinayang'ana mkazi wanga kuti mwina anena kanthu. Misozi inali ikutsika, koma mawu amene anatuluka anali akuti, "Ndinakuuzani kuti musakwere." Zovala anandipindira yekha, bwinobwino, mpaka anaikamo sopo.

Kwanu mukapume. Ndinaima pamsewu wa Thambani ndi chikwama osadziwa kuti ndikwere galimoto yolowera kuti. Ndinapita kumudzi kwa malemu bambo anga. Azakhali anandilandira, analira, anandiphikira. Patapita masiku, ana awo anayamba kufunsana kuti mlendoyu achoka liti. Nditapempha kamalo koti ndimangepo kanyumba, msuweni wanga wamkulu anandiuza mosapsatira kuti munda akhoza kundibwereka dzinja limodzi, koma kumanga ayi, chifukwa kuno ndi kwa bambo anga, kwathu ndi kwa mayi anga. Sanalakwe, ndi mwambo umene inenso ndinkaudziwa. Ndinatsanzika m'mawa mwake.

Ndinabwerera pa boda, ndipo ndinachita chinthu chimene ndinalumbira kuti sindidzachita. Ndinapita ku ofesi ija, ndinamudikira bwana wamng'ono panja mpaka anafika, n'kugwada pafupi ndi galimoto yake anthu akuona. Ndinapepesa za mawu anga onse, ndinati andilembe ngakhale ntchito yosesa. Ndinkayembekezera kuti andiseka kapena anditukwana, ndipo ndinali wokonzeka kulandira. Iye anangondiyang'ana ngati munthu amene akuyesa kukumbukira kumene anandionapo, n'kunena kuti, "Pepani bambo, malo kulibe." Anandipatsa ulemu umene ndinkaufuna uja, tsiku limene ndikanasangalala kumva iwe, lowa ukagwire ntchito.

Lero ndimadya za maganyu a madalaivala. Ndimawathamangitsira mapepala kukapanga fotokope, ndimawagulira chakudya, ndimawalondera mathiraki akapita kukasamba. Ena mwa iwo ndi omwe aja anandiombera m'manja, ndipo akandiona amakuwa kuti ngwazi, tabwera utigulire madzi. Ndimagona m'chipinda chimodzi ndi anthu ena awiri. Lameki amadutsa nthawi zina ndi pikapu yake, amaimba hutala n'kukweza dzanja, ndipo ine ndimakwezanso langa. Banja langa silinathe, komanso silipo. Sanandisudzule, akudikirabe ankhoswe anga, ndipo mkulu aliyense wa kumpingo amene ndamupempha akamva za malata ndi za mawu amene ndinanena pamaso pa apongozi amati aganizire kaye.

Sindikunena kuti muzilola kutukwanidwa mpaka kalekale. Bwana uja anali wolakwa, ndipo ndidzanena zimenezi mpaka m'manda. Koma masiku ano pa foni pali anthu ambiri olangiza anzawo kuti ntchito ikakuwawa isiye, moyo ndi waufupi, dzilembe wekha ntchito. Musanawamvere, afunseni kuti mwezi wotsatira atasiya ntchito anadya za ndani, anagona m'nyumba ya ndani. Mupeza kuti kuseri kuli munda wa amalume, kuli mlongo wa golosale, kuli mkazi kapena mwamuna wolandira. Sabisa mwadala, eni akewo saziona, amayesa kuti ndi kulimba mtima kwawo. Kutuluka pa ntchito mutu uli m'mwamba ndi chinthu cha anthu amene ali ndi kwawo. Enafe timayenera kuluma mlomo, kufunafuna ntchito ina mwakachetechete tili pa yakaleyo, n'kuchoka mwaulemu ngakhale mtima ukupsa. Ndipo funsani akazi anu kapena amuna anu musanachite, chifukwa njalayo mudzagawana.

Ndikapeza kangachepe ndimagula shuga ndi sopo n'kupita kukaona ana. Amanditulutsira mpando pabwalo, m'nyumba sindilowa. Mkazi wanga amandipatsa moni atagwada patali ngati mmene amachitira ndi abusa, ndipo Yankho, amene ndi wamkulu moti anamvetsa zonse, amangondipatsa madzi n'kupita. Ulendo wathawu Dalitso anakhala pamwendo panga nthawi yaitali akusewera ndi mabatani a shati yanga. Dzuwa litapendeka anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ababa, lero mugona kuno kapena mubwerera kwanu?"

Ndinamuuza kuti ndibwerera. Mwanayo anafunsanso kuti kwanuko ndi kuti, akufuna adzabwere kudzandiona sukulu akatsekera. Amayi ake anamva, anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Ine ndinamutsitsa pamwendo, ndinamuuza kuti ndidzamuuza ulendo wina, n'kunyamuka kuti pikapu yomaliza isandisiye.

Inu owerenga, musanaike makiyi a abwana anu pa tebulo, yambani mwayankha funso la mwana wangali. Ine mpaka lero yankho lake ndilibe.